Pulogalamu Ikakana Kulowa M'kompyuta

(Nyimbo yotsegulira, itsike pang'onopang'ono)

Lero ticheza ndi anthu a kafukufuku, ophunzira a m'mayunivesite ndi aliyense amene amawerengetsera zinthu pa kompyuta. Nkhani yake ndi imene imawadyera nthawi ntchito yeniyeni isanayambe n'komwe: kuika mapulogalamu a sayansi m'kompyuta, ndi kufufuza pamene pagona vuto pulogalamuyo ikakana.

Kumayambiriro kwa Novembala 2020, anthu ambiri ogwiritsa ntchito Python pa Windows 10 anaona zachilendo. Ankaika NumPy, phukusi limene pafupifupi aliyense wochita masamu a sayansi mu Python amayambira, ndipo kuikako kunkatha bwinobwino. Koma pongoti aliitane kuti liyambe ntchito, linkakana, n'kulemba kuti lalephera mayeso odziyesa lokha chifukwa cha vuto la mu Windows. Munthu akanafufuta Python yonse n'kuikanso kakhumi, palibe chikanasintha.

Cholakwa sichinali cha woikayo. NumPy imadalira pulogalamu ina ya masamu yotchedwa OpenBLAS. Mu Windows namo muli kagawo kotchedwa fmod, kamene kamapeza chotsala nambala ikagawidwa ndi inzake, ndipo kagawoka kanali katawonongeka pa kusintha kumene Microsoft inachita pa Windows 10 chaka chomwecho. Kakagwira ntchito kankasiya zinthu zitasokonezeka mu purosesa, ndiye OpenBLAS ikabwera pambuyo pake inkatulutsa mayankho olakwika. Olemba NumPy anaona kuti kuli bwino pulogalamu yawo ikaniretu kuyamba kusiyana n'kuti izipereka manambala abodza mwakachetechete. Mankhwala a nthawi imeneyo anali kubwerera m'mbuyo sitepe imodzi, kusiya version 1.19.4 n'kuika 1.19.3, mpaka 1.19.5 inatuluka mu Januwale 2021.

Nkhaniyi ikusonyeza chinthu chimene ongoyamba kumene sauzidwa msanga. Pulogalamu ya sayansi siima yokha. Munthu amalemba mzere umodzi, pip install kapena install.packages, ndipo amaganiza kuti akuika chinthu chimodzi, chikhalirecho akuitana khamu. Python anaiyambitsa ndi Guido van Rossum mu 1991, ndipo R anaiyambitsa ndi Ross Ihaka ndi Robert Gentleman ku yunivesite ya Auckland, ku New Zealand, m'zaka zoyambirira za m'ma 1990. Zilankhulo ziwirizi n'zosavuta kulemba koma n'zochedwa pa masamu akuluakulu, choncho ntchito yolemera zimaipereka kwa mapulogalamu a pansi, olembedwa mu C, C++ ndi Fortran. Wophunzira amene akuwerengetsera zotsatira za kafukufuku wake ndi SciPy lero, pansi pake pakugwira ntchito LAPACK, imene inatuluka koyamba mu 1992, yolembedwa mu Fortran, chilankhulo chimene IBM inatulutsa mu 1957. Zakale ndi zatsopano zasanjikizana, ndipo msanjiko uliwonse uli ndi version yake. Mavuto ambiri a kuika mapulogalamu amabwera pamene misanjiko iwiri yoyandikana sikugwirizana, ndipo ntchito ya wofufuza vuto ndi kupeza kuti ndi iti.

Mapulogalamu a C ndi Fortran amafunika kuyamba asandutsidwa kukhala malangizo amene purosesa imamva, ndipo imachita zimenezi ndi pulogalamu yotchedwa compiler. Pali njira ziwiri. Mwina wina anasandutsiratu phukusilo n'kuliika pa intaneti lokonzeka kale, limene a Python amalitcha wheel ndipo a R amalitcha binary, kapena kompyuta ya woikayo iyenera kudzisandutsira yokha. Njira yachiwiriyi ndi imene imaliza anthu. Kwa zaka zambiri ogwiritsa ntchito Windows ankapulumukira kwa munthu mmodzi, Christoph Gohlke wa ku University of California, Irvine, amene ankasandutsa maphukusi mazanamazana n'kuwaika pa tsamba lake kuti aliyense atenge kwaulere. SciPy inayamba mu 2001, koma ma wheel ake a Windows anafika pa PyPI, nkhokwe yaikulu ya maphukusi a Python, mu 2017, pamene version 1.0 inatuluka. Zaka 16 zonsezo, kuika SciPy pa Windows kunali kufuna mtima wautali.

Masiku ano zinthu zinafewa, koma uthenga wina wakale ukadali moyo: "Microsoft Visual C++ 14.0 or greater is required." Ambiri akauona amathamangira kukatsitsa zida za Visual Studio, zimene zimadya magigabayiti angapo a bandulo. Nthawi zina n'zofunikadi. Koma kawirikawiri uthengawu ukunena china: pip yafunafuna wheel yogwirizana ndi Python ya pakompyutayo, yaisowa, ndiye yayesa kudzisandutsira yokha. Funso loyenera kufunsa ndi lakuti yaisowa chifukwa chiyani. Yankho lake nthawi zambiri ndi lakuti Python yake ndi yatsopano kwambiri. Version yatsopano ya Python imatuluka Okutobala aliyense, ndipo osamalira maphukusi, ambiri mwa iwo ongodzipereka, amatenga masabata kapena miyezi kuti akonze ma wheel ogwirizana nayo. Mu Okutobala 2023, Python 3.12 inachotsa kagawo kakale kotchedwa distutils, kamene maphukusi ambiri ankadalira podzisandutsa, ndipo ma version akale a NumPy ndi maphukusi ena anasiyiratu kulowa. Wofufuza wanzeru sathamangira Python ya mwezi uno. Ya chaka chatha imachita masamu omwewo, ndipo maphukusi onse anaizolowera kale.

Tsopano tiyang'anitsitse sikirini ya munthu wina amene akuika tidyverse mu R pa kompyuta ya Ubuntu. Walemba lamulo lake, ndipo mizere ikuthamanga pa sikirini kwa mphindi zambiri, yakuda ndi yofiira. Kenako zonse zaima. Pansi penipeni palembedwa kuti "installation of package 'tidyverse' had non-zero exit status". Pamwamba pake pali mzere ngati womwewo wonena za rvest, pamwambanso wina wonena za xml2. Munthu uja akukopera mzere womalizawo kukaufufuza pa intaneti, ndipo akupeza mayankho zikwizikwi osagwirizana, chifukwa mzere umenewo umangonena kuti zakanika, sunena chifukwa.

Chifukwa chake chili kumtunda. Akabwerera m'mbuyo mizere mazana angapo, mpaka pamene vuto loyamba linaonekera, apeza kabokosi ka mawu konena kuti xml2 yalephera chifukwa sinapeze libxml-2.0, ndipo pansi pake pali malangizo: pa Debian ndi Ubuntu ikani libxml2-dev. Olemba phukusilo anamulembera yankho lonse, iye sanafikepo powerenga. Tidyverse yagwa chifukwa rvest yagwa, rvest yagwa chifukwa xml2 yagwa, ndipo xml2 yagwa chifukwa cha chinthu chimene si cha R n'komwe, ndi cha Ubuntu, ndipo chimaikidwa ndi apt. Kamchira kakuti dev n'kofunika. Kompyuta ikhoza kukhala ndi libxml2 kale, koma compiler imafuna mafayilo ena ofotokoza mmene pulogalamuyo imaitanidwira, ndipo amenewa amabwera m'phukusi la dev. Anzake a vutoli ndi libcurl4-openssl-dev ndi libssl-dev. Akaika zitatuzi, gawo lalikulu la mizere yofiira ija limazimiririka.

Pa Windows, R imafunsa funso limene ambiri amayankha osaliwerenga: kodi mukufuna kuika kuchokera ku source maphukusi ofunika kusandutsidwa? Amene alibe Rtools, zida zosandutsira maphukusi a R pa Windows, ayankhe kuti ayi. Alandira version ya masiku angapo apitawo, yokonzeka kale, ndipo ntchito ipitirira.

Pali vuto lina lokwiyitsa chifukwa limaoneka ngati kompyuta ikunama. Pip yanena kuti phukusi lalowa, koma Python ikuti "No module named" n'kutchula phukusi lomwelo. Onse awiri akunena zoona. Kompyuta imodzi imatha kukhala ndi ma Python atatu kapena anayi: ina inabwera ndi Ubuntu, ina ndi Anaconda, ina ndi QGIS kapena ArcGIS, ina anaika mwini wake chaka chatha n'kuiwala. Pip yaika phukusi mwa imodzi, Jupyter ikugwiritsa ntchito ina. Kuti munthu adziwe, alembe import sys kenako asindikize sys.executable, ndipo aona foda imene Python yakeyo ikukhala. Chizolowezi chabwino ndi kulemba python -m pip install m'malo mwa pip install yokha, chifukwa potero Python imene ikuitanidwayo ndi yomweyo imene ilandire phukusi.

Mwinanso dzina ndi limene lasocheretsa. Phukusi limene poligwiritsa ntchito amaliitana kuti sklearn, poika ndi scikit-learn. Cv2 imachokera mu opencv-python, ndipo Bio imachokera mu biopython. Ku R nako, uthenga wakuti phukusi "is not available for this version of R" nthawi zambiri sukhudza version n'komwe. Munthu akufunafuna DESeq2 pa CRAN, nkhokwe yaikulu ya maphukusi a R, pamene kwawo ndi ku Bioconductor, nkhokwe ina ya maphukusi a sayansi ya zamoyo, imene imafuna BiocManager.

(Nyimbo yaifupi)

Pa 16 Juni 2024 kunatuluka NumPy 2.0, kusintha kwakukulu koyamba kuchokera pamene Travis Oliphant anatulutsa NumPy 1.0 mu 2006. Olemba ake anachenjeza kwa miyezi, komabe tsikulo litafika, mapulogalamu ambiri amene dzulo lake ankayenda anaima. Uthenga wake unkati phukusi losandutsidwa ndi NumPy 1 silingayende mu NumPy 2. Zili ngati sipeya ya galimoto: dzina la galimoto ndi lomwelo, maonekedwe omwewo, koma poti ndi ya chaka china, mabowo a mabawuti sakukumana. Eni ake sanasinthe kalikonse m'mapulogalamu awo. Anangoika phukusi lina latsopano, kapena anasamukira pa kompyuta ina, pip n'kutenga NumPy yaposachedwa kwambiri monga imachitira ikapanda kuuzidwa zina. Njira zinali ziwiri, kuuza pip kuti itenge NumPy yosafika 2, kapena kukweza maphukusi enawo kufika pa ma version amene anakonzedwera NumPy yatsopano.

Apa ndi pamene pamaonekera ubwino wopatsa ntchito iliyonse malo akeake, amene amatchedwa environment. Ndi foda chabe, yokhala ndi Python yake ndi maphukusi ake, yosakhudzana ndi inzake. Kafukufuku wa chimanga akhale ndi yake, wa malungo yake. Ina ikasokonezeka, munthu amaifufuta n'kupanga ina m'mphindi zochepa, ndipo kunena zoona, kufufuta n'kuyambanso nthawi zambiri kumafulumira kuposa kusoka zigamba pa environment imene yasakanizidwa kwa zaka ziwiri. Kuyambira mu 2023, Debian 12 ndi Ubuntu 23.04 zinayamba kukaniza pip kuika zinthu mu Python ya kompyuta yonse, n'kumalemba kuti "externally-managed-environment". Ena amakwiya nazo ndipo amafunafuna njira yozembera. Njirayo ilipo, koma chiletsocho chili ndi chifukwa chake: zida zina za Ubuntu weniweniyo zimayenda ndi Python yomweyo, ndipo munthu akaisintha mwachisawawa akhoza kuwononga zinthu zosakhudzana n'komwe ndi kafukufuku wake.

Conda, imene inayamba mu 2012 ku kampani imene lero ikutchedwa Anaconda, inabwera kudzathetsa vuto la mapulogalamu a pansi aja. Imaika zonse pamodzi, Python, R, OpenBLAS, GDAL, ngakhale compiler. Koma nayo ili ndi khalidwe lake. Kale inkatha kukhala ola lathunthu italemba kuti "Solving environment", ikufunafuna ma version amene angagwirizane onse. Kumapeto kwa 2023 anaiikira injini yofulumira yochokera ku pulogalamu ya Mamba, choncho amene conda yake ikuchedwabe chotero ayambe waona ngati si yakale. Chinanso, conda imatenga maphukusi ku nkhokwe zosiyanasiyana, monga defaults, conda-forge ndi bioconda, ndipo kusakaniza defaults ndi conda-forge mu environment imodzi ndi gwero la mikangano yambiri. Pamene pafunika conda ndi pip limodzi, conda iyambe kuika zonse zimene ingathe, pip ibwere pomaliza, chifukwa conda siitsata bwino zimene pip yasintha kumbuyo kwake.

Nthawi zina phukusi limakana kulowa chifukwa kulibenso. Kwa zaka zambiri aliyense wojambula mapu mu R ankadalira rgdal, rgeos ndi maptools, zimene ankazisamalira ndi Roger Bivand, mphunzitsi wa ku Norwegian School of Economics mu mzinda wa Bergen. Iye atapuma pa ntchito, analengeza nthawi ikadalipo kuti maphukusiwa nawonso apuma, ndipo mu Okutobala 2023 anachotsedwa pa CRAN. Mabuku, maphunziro a pa intaneti ndi ma script osawerengeka akadali ndi mzere woitana rgdal pamwamba. Wophunzira wa ku Bunda kapena ku Zomba amene walandira script yakale kuchokera kwa amene ankamutsogolera, yojambula mapu a maboma a Malawi kapena madera osefukira madzi ku Nsanje ndi ku Chikwawa, agunda khoma pa mzere woyamba. Angathe kukumba rgdal yakale m'nkhokwe ya zosungidwa n'kuikakamiza, koma adzalimbana ndi GDAL ndi PROJ za masiku ano zimene phukusilo silinakonzedwere. Njira yolunjika ndi kusamukira ku sf, ya Edzer Pebesma, kapena terra, ya Robert Hijmans. Pamene script yakale inkati readOGR, yatsopano imati st_read, ndipo pa ntchito zambiri zosinthazo sizipitirira mizere khumi kapena makumi awiri.

Bioconductor ili ndi lamulo lake loyenera kulidziwa. Imatulutsa version yatsopano kawiri pa chaka, ndipo iliyonse imamangiriridwa ku version inayake ya R. Wokhala ndi R yakale adzalandira maphukusi akale, afune asafune. Wokweza R naye akumbukire za Epulo 2020, pamene R 4.0.0 inafuna kuti maphukusi onse aikidwenso.

Zonsezi zimachitikira anthu kulikonse, ku Boston ngakhale ku Blantyre. Koma pali mavuto ena amene amakonda kwambiri kuno kwathu, kumene malaputopu ambiri ndi ogula kwa ena atagwirapo kale ntchito kunja. Kuyambira version 1.6, mu 2018, TensorFlow yokonzeka kale inayamba kufuna purosesa yodziwa malangizo otchedwa AVX. Intel inayamba kuika AVX mu 2011, koma mapurosesa ake otsika mtengo a Celeron ndi Pentium anakhala opanda AVX kwa zaka zambiri pambuyo pake. Pa kompyuta yotere TensorFlow imalowa bwinobwino, koma poiitana Python imangofa, pa Linux n'kusiya mawu awiri okha, "Illegal instruction", ndipo pa Windows n'kudandaula kuti "DLL load failed". Kuikanso sikungathandize, chifukwa chosowacho chili m'chitsulo. Pa Linux lamulo la lscpu limaonetsa ngati AVX ilipo. Okhala ndi ndalama nawo sanapulumuke: Apple itatulutsa purosesa ya M1 mu Novembala 2020, panalibe compiler ya Fortran yaulere yokhazikika ya purosesayo, ndipo R yokonzedwera purosesayo inafika mu Meyi 2021.

Palinso kabatire. M'kati mwa kompyuta muli kabatire kakang'ono kozungulira ngati ndalama yachitsulo, kamene kamasunga tsiku ndi nthawi kompyuta ikazimitsidwa. Kakatha mphamvu, kompyuta imadzuka ikuganiza kuti ili m'chaka china chakale. Ndiye pip kapena conda ikalumikizana ndi nkhokwe ya maphukusi, imayang'ana chiphaso cha chitetezo cha nkhokweyo, n'kuona kuti malinga ndi tsiku limene ikudziwa, chiphasocho sichinayambe kugwira ntchito. Imakana, n'kulemba "CERTIFICATE_VERIFY_FAILED". Malangizo ambiri a pa intaneti amati ingozimitsani chitetezocho. Asanafike kumeneko munthu ayang'ane wotchi pakona ya sikirini. Ngati tsiku lili bwino, wokayikiridwa wachiwiri ndi netiweki ya pa ofesi kapena pa sukulu, imene mwina imadutsitsa zonse pa proxy yake, ndipo amene angathandize ndi a ICT a pamalopo.

Intaneti yochedwa ili ndi zizindikiro zakezake. R imadikira masekondi 60 okha kuti fayilo ithe kutsika, ikapitirira apo imasiya, ndipo phukusi lalikulu pa netiweki yofooka silingathe m'mphindi imodzi. Kulemba options, timeout n'kuika 600 kapena kuposa kumathetsa nkhaniyo. Pip nayo ili ndi timeout yake imene imakwezedwa. Magetsi akathima R ili pakati poika phukusi, imasiya foda yoyamba ndi 00LOCK m'malo osungira maphukusi, ndipo tsiku lotsatira imakana kuika phukusilo, n'kumati "failed to lock directory". Ikuganiza kuti kuika kwa dzulo kukadali m'kati. Kufufuta fodayo n'kokwanira.

Za bandulo, pali zinthu zingapo zimene zimapulumutsa ndalama. Anaconda yathunthu ndi pafupifupi gigabayiti imodzi, yodzaza ndi maphukusi amene munthu mmodzi sadzawagwiritsa ntchito onse. Miniforge ndi yaing'ono pafupifupi kakhumi, ndipo munthu amaonjezera zokhazo zimene akufuna. PyTorch ikaikidwa pa Linux mosasankha imakoka mapulogalamu a CUDA olemera magigabayiti, amene ndi othandiza pokhapokha kompyuta ili ndi khadi ya zithunzi ya NVIDIA. Wopanda khadi yotere asankhe ya CPU yokha. Ndipo kalasi ya anthu 40 sifunika kutsitsa zinthu zomwezo ka 40. Mmodzi apite pamene pali intaneti yabwino, agwiritse ntchito pip download kusonkhanitsa maphukusi onse ndi zonse zimene amadalira mu foda imodzi, aike pa fulashi, ndipo enawo aike kuchokera pa fulashiyo pouza pip kuti isapite pa intaneti. Chenjezo lake ndi lakuti ma wheel amasankha: otsitsidwira Windows ndi Python 3.11 sangalowe pa Ubuntu kapena pa Python 3.12. Aphunzitsi amene amagwirizana ndi kalasi yonse za version imodzi sabata imodzi maphunziro asanayambe amapulumutsa tsiku loyamba lathunthu. A R ali ndi phukusi la miniCRAN lochita ntchito yofananayo.

Mavuto onse amene tatchulawa ali ndi ubwino umodzi, amafuula. Oopsa ndi amene safuula. Mu 2019, akatswiri a chemistry ku University of Hawaii ankafufuza mankhwala opezeka mu tizamoyo ta m'madzi totchedwa cyanobacteria. Ankagwiritsa ntchito ma script a Python amene Patrick Willoughby, Matthew Jansma ndi Thomas Hoye anafalitsa mu 2014 m'magazini ya Nature Protocols, othandiza kuwerengetsera zotsatira za makina a NMR. Wophunzira wina wa gululo, Yuheng Luo, anapeza kuti mayankho ake sakufanana ndi amene anzake anapeza kale, chonsecho script ndi yomweyo, mafayilo ndi omwewo. Atayesa pa makompyuta osiyanasiyana, Windows 10 inapereka 173.2 pamene Ubuntu inapereka 172.4. Pa ntchito yozindikira kapangidwe ka mankhwala, kusiyana kotere kungapangitse munthu kusankha yankho lolakwika.

Gwero lake linali kagawo ka Python kotchedwa glob, kamene kamasonkhanitsa mayina a mafayilo a mu foda. Script inkayembekezera kuti mayinawo abwera atandandalikidwa bwino, koma glob sinalonjezepo zimenezo. Imawapereka mmene kompyuta yawaperekera, ndipo makompyuta amasiyana. Pa makompyuta a olemba aja ndandanda inkangopezeka yolondola, pa ena mafayilo ankaphatikizidwa ndi anzawo olakwika. Kukonza kwake kunali kuuza script kuti iyambe yasanja mayinawo. Gulu la ku Hawaii linafalitsa zimene linapeza mu Organic Letters mu Okutobala 2019, ndipo pa nthawiyo mapepala a kafukufuku oposa 150 anali atatchula kale ntchito ya 2014 ija. Palibe uthenga wofiira umene unaonekapo pa sikirini ya aliyense.

N'chifukwa chake kuika pulogalamu sikutha pamene pip yanena kuti zatheka. Maphukusi ambiri a sayansi amabwera ndi mayeso awo kapena chitsanzo chokhala ndi yankho lodziwika kale, ndipo mphindi zochepa zoyendetsa chitsanzocho n'kuyerekeza manambala n'zaphindu kuposa kudzazindikira pepala litasindikizidwa. Zikayenda, tsiku lomwelo munthu alembe ma version onse: sessionInfo mu R, pip freeze kapena conda env export mu Python, fayiloyo n'kuisunga pamodzi ndi deta. Phukusi la renv limachita zimenezi mu R ndipo limathanso kubwezeretsa ma version omwewo pa kompyuta ina. Amene ntchito yawo iyenera kuyenda pa makompyuta akuluakulu a mayunivesite amafika potsekera zonse m'bokosi limodzi lotchedwa container, pogwiritsa ntchito Docker, imene inatuluka mu 2013, kapena Singularity, imene nthambi yake ina inatenga dzina la Apptainer mu 2021. Pa makompyuta akuluakuluwo oyang'anira makina ambiri salola Docker chifukwa imafuna mphamvu za mwini makina, choncho Apptainer ndi imene imapezeka.

Zikakanikabe, munthu apemphe thandizo, koma apemphe mothandiza womuthandizayo. Zimene zimafika kawirikawiri pa WhatsApp ndi chithunzi cha sikirini chojambulidwa ndi foni, chopendekeka, chowala pakati, choonetsa mizere isanu yomaliza, ija yongonena kuti zakanika. Wothandiza amafuna mawu onse kuyambira pa lamulo limene linalembedwa mpaka pansi, okoperedwa ngati mawu kuti athe kufufuzamo. Amafunanso kudziwa ngati ndi Windows, Mac kapena Linux ndi version yake, version ya Python kapena R, ngati phukusi linaikidwa ndi pip, conda kapena apt, ndiponso chimene chinasintha pa kompyutayo kuchokera tsiku lomaliza limene zinthu zinkayenda.